Mafunso ndi Mayankho: Kodi mafilimu "ozizira" aja anachokera kuti?

FUNSO: Ndimakhala ku Monkey Bay ndipo mtima wanga uli pa mafilimu a ku Iran, Japan, Senegal ndi Italy, aja omwe umachita kuwerenga mawu m'munsi. Anzanga amati ndi ozizira, mulibe ndewu ngakhale mfuti, ndipo ku vidiyo sho sawaonetsa. Kodi mafilimu amtunduwu anayamba bwanji?

YANKHO: Achimwene, tsiku lomwe ambiri amati kanema anabadwa ndi 28 Disembala 1895, pomwe Auguste ndi Louis Lumière, munthu ndi mng'ono wake, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo mumzinda wa Paris. Timafilimu take tinali tosakwana mphindi imodzi, topanda mawu, ndipo kena kanangoonetsa antchito akuweruka pa fakitale. Pomafika m'ma 1920, Hollywood inali itasandutsa kanema kukhala malonda aakulu. Anthu ofuna zosiyana ndi zimenezo anayamba kudzisonkhanira okha: Film Society inakhazikitsidwa ku London mu 1925, ndipo ku Paris holo ya Studio des Ursulines inatsegulidwa mu 1926 kuti izionetsa mafilimu omwe maholo akuluakulu ankawakana.

Koma muzu weniweni wa zomwe mumakondazo uli ku Italy, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Ndalama kunalibe, ndipo malo ojambulira mafilimu a Cinecittà ku Rome munkagona anthu othawa nkhondo. Opanga mafilimu anatuluka ndi makamera awo n'kukajambulira mumsewu, ochita sewero n'kukhala anthu wamba.

Mwa mafilimu onsewo, inu a kunyanja mufunefune La terra trema, yomwe Luchino Visconti anatulutsa mu 1948. Anakaijambulira m'mudzi wa asodzi wa Aci Trezza pachilumba cha Sicily, ndipo osewera onse anali asodzi enieni ndi mabanja awo, akuyankhula chiyankhulo chawo chomwe anthu ambiri a ku Italy sankachimva. Mnyamata wina, 'Ntoni, watopa ndi ogula nsomba omwe amadula okha mtengo pagombe. Apereka nyumba ya makolo ngati chikole kuti aziyendera yekha. Poyamba nsomba zifa bwino, banja lonse n'kukhalira kuzithira mchere m'migolo. Kenaka namondwe aphwanya bwato, ogula aja atenga nsombazo pamtengo wolira, nyumba ilandidwa, ndipo 'Ntoni abwerera kukapempha ganyu kwa anthu omwewo. Aliyense amene anaimapo padoko la Msaka kapena Makawa m'bandakucha, n'kuona alovi akutsika ndi usipa maso ali gwa ndi tulo, ogula atandanda kale ndi mabeseni, sangafunse kuti filimuyi ikukamba za chiyani. Amene akuti ndi yozizira sanaionere mpaka pomwe mlongo wake wa 'Ntoni akudikira pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja, bwato osaoneka.

Moto umenewu unafalikira. Rashomon ya Akira Kurosawa wa ku Japan inapambana ku Venice mu 1951, ndipo Satyajit Ray wa ku India anatulutsa Pather Panchali mu 1955, nkhani ya banja losauka la kumudzi. Kuno ku Africa anatsegula njira ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene naye anali mwana wa msodzi. Anayamba ndi kulemba mabuku, koma ataona kuti anthu ambiri akwawo sangawawerenge, anakaphunzira za kanema ku Moscow. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chiyankhulo cha Wolof, ndipo chaka chotsatira chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO chinayamba ku Ouagadougou, m'dziko lomwe lero ndi Burkina Faso.

FUNSO: Nanga n'chifukwa chiyani kuno kwathu tinazolowera zandewu zokhazokha?

YANKHO: Chifukwa sitinapatsidwe mpata wosankha. Kanema anafika m'midzi yathu ngati mphunzitsi wa atsamunda. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linkapanga timafilimu ku Tanganyika n'kumationetsa pagalimoto mpaka ku Nyasaland kuno. Kuyambira 1948 mpaka 1963 ntchitoyo inali m'manja mwa Central African Film Unit ya ku Salisbury, ndipo nkhani zake zinali za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Titalandira ufulu kunabwera lamulo la 1968 lounika mafilimu ndi zisangalalo, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inadzatsegulidwa mochedwa, mu 1999. Mpata wonsewo anadzaza ndi eni vidiyo sho, ndipo iwo anasankha zomwe munthu angatsate ngakhale sakumva chiyankhulo: karate, nkhondo, kenaka ufiti ndi chikondi cha ku Nigeria. Sindiwadzudzula, poti amafuna kuti mabenchi adzaze.

FUNSO: Kodi ku Mangochi kuno kunajambulidwapo filimu yotere?

YANKHO: Eya, ndipo zimandiwawa kuti ambiri a m'bomalo sanaionepo. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, yomwe inatuluka mu 2012, inajambulidwa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Hope Chisanu anasewera ngati Yusufu, msodzi amene kale ankapha nsomba zochuluka koma tsopano nyanja yamutembenukira, ndipo Flora Suya anali Abiti Anefa, mkazi wake wachitatu, amene mzungu wina wodzaona malo wamuponyera diso. Mulibe kuthamangitsana kwa magalimoto. Muli kusowa kwa nsomba, mitala, ndalama za alendo, ndi mwana amene wasiya ukonde wa bambo ake n'kumatsata azungu pagombe, zinthu zomwe anthu a ku Chembe amaziona tsiku ndi tsiku. Mu 2013 filimuyi inapata mphoto ya nyimbo zabwino pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards. Joyah yemweyo ndiye anapanga The Road to Sunrise mu 2017, filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Choncho musadzione ngati mlendo pakati pa anzanu. Chomwe chimawatopetsa, ine ndikuona, ndi kuwerenga Chingerezi chothamanga m'munsi muja, pomwe nkhani zake ndi zakwawo zomwe. Anyamata omasulira mafilimu a ku China ndi ku India m'Chichewa anaonetsa kale kuti vuto limenelo lili ndi mankhwala. Ndikuwapempha, pamodzi ndi eni mafilimu ndi a zachikhalidwe m'boma, kuti agwirizane mwalamulo n'kumasulira mafilimu ngati amenewa m'Chichewa ndi m'Chiyao. Inuyo achimwene, kambiranani ndi mwini vidiyo sho wa kwanuko akupatseni madzulo amodzi pamwezi, makamaka mwezi ukawala pomwe asodzi a usipa sapita panyanja. Muyambe ndi The Last Fishing Boat, ndipo akuluakulu a padoko muwaitane akhale kutsogolo.