Ndalama za pepala za ku Tabriz ndi funso la masiku ano

M'chaka cha 1294 thumba la boma la a Ilkhan ku Persia linali litauma. Mfumu Gaykhatu, mdzukulu wa Hulagu, inkasakaza chuma, ndipo mliri unali utapulula ziweto. Nduna yaikulu, Sadr al-Din Zanjani, inaganiza zotengera China, komwe anthu ankagula ndi kugulitsa ndi ndalama za pepala zotchedwa chao. Bolad, nthumwi ya Kublai Khan, ndiye anafotokoza mmene zinkayendera.

Mapepalawo anatuluka mumzinda wa Tabriz atalembedwapo shahada. Lamulo linati wowakana aphedwe. Koma amalonda anangotseka mashopu awo, chakudya chinasowa pamsika, ndipo anthu anayamba kuthawa mumzinda. Patangotha miyezi pafupifupi iwiri, boma linagonja nkuthetsa chao.

Ku Delhi nako, cha m'ma 1330, Sultan Muhammad bin Tughluq analamula kuti ndalama za mkuwa zizilandiridwa pamtengo wa siliva. Anthu anayamba kusula zawo m'nyumba, ndipo mapeto ake boma linaziwombola ndi golide ndi siliva weniweni.

Kodi tinene kuti ndalama yoona ndi golide ndi siliva basi? Ma ulama athu ambiri sanatero. Mu al-Mudawwana timapeza kuti Imam Malik ankaona kuti ngakhale zikopa, anthu atazivomereza kukhala ndalama, sizingasinthidwe ndi golide kapena siliva mwangongole. Kwa iye chinthu chimasanduka ndalama pamene anthu agwirizana kuyezera nacho mitengo. Ku Tabriz kunali lamulo ndi lupanga, koma anthu sanavomereze. Ku Delhi aliyense ankatha kuchulukitsa ndalamazo, choncho chikhulupiriro chinatha.

Tikafika pa Bitcoin, yomwe inayamba mu 2009, tikupeza kuti vuto la ku Delhi analitseka, pakuti chiwerengero chake sichingapitirire 21 miliyoni, ndipo palibe mfumu yokakamiza munthu kuilandira. Funso lotsala ndi lakuti anthu akuilandira ngati chiyani. Mu Disembala 2017 Bitcoin imodzi inatsala pang'ono kufika madola 20,000. Patatha chaka inali pansi pa madola 4,000. Muyezo wotanuka chotere ndi wovuta kuyezera nawo ngongole, mahari kapena malipiro a wantchito. Nthawi yomweyo Mufti wamkulu wa Egypt, Shawki Allam, anagamula kuti malonda ake ndi haramu, potchula gharar ndi kufanana kwake ndi juga. Ma ulama ena amati ndi chuma chololedwa chifukwa anthu ambiri achizolowera.

Ife ophunzira fiqh tisathamangire kugamula tisanafunse zomwe mbiri yatiphunzitsa: ndani angathe kuchulukitsa ndalamayi, ikagwa adzaiwombola ndani, ndipo woigula akufuna kugulira chimanga kapena akungodikira wina wodzaigula modula? Yankho la funso lomalizali ndi lomwe limalekanitsa malonda ndi juga. Allah ndiye Wodziwa koposa.