Kuchoka pa Piritsi Kufika pa Khungu: Mbiri ya Mankhwala a Amayi Osiya Kusamba

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Homoni ya estrogen ikachepa, thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta limatuluka usiku ndipo tulo timasowa. Mbiri ya mankhwala obwezeretsa homoniyi ikutiphunzitsa kuti njira imene mankhwala alowera m'thupi, ndiponso mayi amene akuwalandira, n'zofunika kwambiri kuposa dzina la mankhwalawo.

Piritsi la Premarin, lopangidwa kuchokera ku mkodzo wa mahatchi a bere, linaloledwa ku America mu 1942. Mu 1966 buku la Dr Robert Wilson lotchedwa Feminine Forever linachititsa amayi ambiri kuyamba kulimwa. Koma mu 1975 ofufuza anapeza kuti estrogen payekha amawonjezera khansa ya m'kati mwa chiberekero. Kuyambira pamenepo, mayi amene chiberekero chake sichinachotsedwe amapatsidwanso homoni ina ya mtundu wa progesterone.

Vuto lina linali chiwindi. Piritsi limadutsa kumeneko lisanafalikire m'thupi, ndipo limachititsa chiwindi kupanga zambiri mwa zinthu zoundanitsa magazi. Mankhwala olowera pakhungu amalambalala njira imeneyi. Jelo wopaka anayambira ku France m'zaka za m'ma 1970, ndipo kachigamba komata ka Estraderm kanaloledwa ku America mu 1986.

Mu 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa atasonyeza kukwera kwa khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi. Amayi ambiri anasiya mankhwala. Komatu kafukufukuyo anayesa mapiritsi okha, pa amayi amene ambiri anali atapitirira zaka 60. Mu 2007 kafukufuku wa ESTHER ku France anapeza kuti kuundana kwa magazi kunakwera mwa omwa mapiritsi, osati mwa olandira estrogen pakhungu.

Kachigamba ndi jelo zonse zili ndi estradiol ndipo zonse zimachepetsa kutentha kwa thupi. Zimasiyana pa kagwiritsidwe ntchito. Kachigamba kamasinthidwa kamodzi kapena kawiri pa sabata, koma kamatha kuyabwa kapena kumatuka ndi thukuta, makamaka m'nyengo yotentha ngati Okutobala. Jelo amapakidwa tsiku lililonse ndipo amafunika aume kaye mayi asananyamule mdzukulu, chifukwa mankhwalawo angalowe m'khungu la mwana.

Ku Chilinde, Kawale ndi Biwi mankhwalawa sapezeka wamba, koma mbiriyi ikutikhudza. Chiyambireni ma ARV aulere mu 2004, amayi ambiri omwe ali ndi HIV akufika msinkhu wosiya kusamba. Thukuta lawo la usiku lingakhale kusintha kwa thupi, lingakhalenso chifuwa chachikulu; tiyeze tisanagamule. Tikumbukirenso kuti rifampicin amafooketsa mphamvu ya estrogen.

Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka, funsani mayi mwaulemu kuti anasamba liti komaliza, chifukwa ambiri sayamba okha nkhaniyi. Wotaya magazi patatha chaka chathunthu chisiyireni kusamba atumizidwe msanga ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Wogula mankhwalawa kufamase ayambe waonana ndi dokotala, makamaka ngati anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi.