Chimanga Chinafika, Phulusa Linatsala ku Mexico

Kauzeni agogo anu kuti chimanga nchobwera, muone mmene akuyang'anireni. Kwathu kuno munthu amene wadya mpunga kapena mbatata amati wangogwira m'mimba, kudya kwenikweni ndi nsima. Komatu dzina lomwelo likuulula chinsinsi. Katswiri wa mbiri James McCann, m'buku lake la Maize and Grace, amamasulira mawu akuti chimanga kuti chochokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo m'Chiswahili Manga ndi dzina la dera la Aluya a ku Oman. Sitinasokonezeke tokha. Aswahili amati mahindi, ngati kuti nchochokera ku India. A ku Italy amati granturco, tirigu wa ku Turkey, pomwe eni ake a ku Turkey amachitcha mısır, kutanthauza Egypt. Aliyense ankaloza kumene ankaganiza kuti mbewu yachokera, ndipo palibe amene analoza ku Mexico.

Zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas kummwera kwa Mexico, anthu anayamba kusankha mbewu za udzu wotchedwa teosinte. Kangala ka udzuwu kamakhala ndi timaso tosapitirira 12, tobisala m'chikhokho cholimba ngati mwala. Tizitsononkho ta zaka zoposa 6,000 topezeka m'phanga la Guilá Naquitz ku Oaxaca sitifika n'kutalika kwa chala komwe. Mibadwo inasankhabe, zitsononkho zikukula, mbewu nkufalikira kummwera mpaka ku Peru, kumpoto mpaka ku Canada. Anthu a mtundu wa Maya anachilemekeza chimangachi mpaka kunena kuti milungu inaumba munthu ndi chimanga, monga likufotokozera buku lawo la Popol Vuh. Mu 1492 anthu a Christopher Columbus anachipeza ku Cuba, ndipo chaka chotsatira mbewu inali itafika ku Spain.

Apa ndiye pamene mtima wanga umaima, chifukwa pa ulendowu panatayika chinthu chachikulu. Madzulo mayi wa ku Mexico amatenga chimanga chouma chosakonola, nkuchiwiritsa m'madzi othira laimu kapena phulusa la nkhuni, nkuchisiya momwemo usiku wonse. Kukacha, khungu la njere limakhala litafewa. Amachitsuka akufikisa m'manja mpaka madzi ayere, kenako amagwada pa mphero yawo, metate, nkuchipera chikadali chonyowa. Chimene chimatuluka si ufa ayi, koma phala lolimba lomatirira lotchedwa masa. Amatapa kambumu, nkukapsinja pakati pa zikhato mpaka kapyapyale, nkukawamba pa phale lotentha: ndiye tortilla ameneyo. Akalikulunga m'makoko a chimanga nkuliphika ndi nthunzi amapeza tamales, amene ndimawaona ngati msuweni wa mkate wathu wokulunga m'masamba a nthochi uja. Chimanga chophikidwa motere amachitcha nixtamal, mawu a Chinahuatl, chinenero cha ku Mexico, ochokera ku phulusa ndi phala, ndipo ofukula zakale anapeza umboni woti kugombe lakummwera kwa Guatemala njirayi inalipo zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Amayiwo mwina ankangofuna chimanga chosavuta kupera. Koma m'njere ya chimanga muli vitamini wotchedwa niacin amene amakhala womangika, thupi silitha kumutenga. Laimu kapena phulusa ndi limene limam'masula. Limawonjezeranso kashiamu wolimbitsa mafupa, nkuchepetsa poizoni wa chuku. Aspanya anaona zonsezi ndi maso awo, anadyanso tortilla, koma kwawo anali ndi zigayo za tirigu, ndiye njira yowiritsa chakudya m'phulusa sanaitenge. Ananyamula mbewu, nzeru nkuisiya.

Chimanga chinabereka modabwitsa ku Ulaya, ndipo amphawi anachikumbatira. Kumpoto kwa Italy, polenta amene kale ankaphikidwa ndi mbewu zina anasanduka wa chimanga chachikasu. Ku Romania kunabadwa mămăligă, amene mutamuona m'mbale mungati nsima ya ufa wachikasu. Vuto linali lakuti mlimi wosauka ankadya zomwezo m'mawa, masana ndi madzulo, popanda ndiwo yooneka. Mu 1735 dokotala Gaspar Casal analongosola nthenda yachilendo pakati pa alimi a ku Asturias: khungu lothetheka m'manja ndi m'khosi monse mowomba dzuwa, kutsegula m'mimba, kenako misala ndi imfa. Mu 1771 Francesco Frapolli wa ku Milan analemba za nthendayi ndi dzina limene alimi ankaitchula, pellagra, kutanthauza khungu lokhakhala. Zipatala za amisala kumpoto kwa Italy zinadzaza. Madokotala anakangana zaka zoposa 100, ena monga Cesare Lombroso akuti ndi poizoni wa chimanga choola, ena akuti ndi tizilombo. Kummwera kwa United States, pakati pa 1906 ndi 1940, nthendayi inapha anthu pafupifupi 100,000.

Joseph Goldberger, amene boma la America linamutuma kukafufuza mu 1914, anaona chinthu chimene ena ankachilumpha: m'nyumba zosungira ana amasiye ndi amisala, odwala anali osungidwawo, pomwe anamwino odya nyama ndi mkaka anali bwinobwino. Atasintha zakudya, nthenda inatha. Anzake atakanabe, anadzibaya jakisoni wa magazi a odwala pofuna kuonetsa kuti nthendayi siyopatsirana, ndipo sanadwale. Mu 1937 Conrad Elvehjem anatsimikiza kuti chosowacho ndi niacin. Ulemu ndikuwapatsa, makamaka Goldberger, chifukwa si aliyense angadzibaye magazi a wodwala. Koma mabuku akamawatama ngati opeza yankho, ine ndimakana. Yankho linali mumphika wa mayi wa ku Oaxaca zaka zonsezo, panalibe amene anadzichepetsa kukamufunsa. Columbus ndiye sindimuwerengera nkomwe, anali mtengatenga chabe.

Ku Africa mbewu inabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo mbiri yake kuno si yoyera: chimanga chinkadyetsa akapolo m'malinga a kugombe ndi m'zombo. Chigawo chathu chinali ndi makomo awiri, la Zambezi kumene Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, ndi la amalonda aulendo ochokera ku Kilwa. Koma chimanga sichinalande ufumu tsiku limodzi. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima chimanga, inde, koma pambali pa mapira, mawere, nyemba, mtedza ndi maungu. Nsima ya makolo athu inali ya mapira, mawere ndi mchewere. Chimanga chinapambana chifukwa makoko ake amachiteteza ku mpheta, motero ana anapuma ntchito yoamira mbalame, komanso chimadyeka chachiwisi mu February njala itafika pakhosi. Kenako kunabwera migodi ndi mafamu. Amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury ankalandira phoso la ufa wa chimanga, ndipo anabwerera lilime litazolowera. Ufumu wa nsima yoyera umene timauyesa wachikhalire unakhazikika m'zaka za m'ma 1900.

Agogo athu aakazi nawo sanangolandira mlendoyu manja lende. Anamupangira njira yawo: kukonola mumtondo akuwaza timadzi, kupeta gaga, kuviika mphale masiku angapo mpaka imveke kafungo kowawasa, kuitsuka, kusinja, kusefa, nkuyanika ufa pamphasa. Ufa woyera ndi luso lawo, ndipo mayi wa ku Mexico sangaudziwe. Ofufuza za mbewu anachedwa kumvetsa kuti mtondo ndiwo woweruza. Mbewu zamakono zoyamba zinali zofewa, zinkaphwanyika pokonola, nkumathera ku gaga, ndipo anankafumbwe ankazikonda. Alimi anakakamira chamakolo. Ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, zolimbirapo njere, m'pamene amayi ambiri anavomera. Ulemu wa mbewu zimenezi ndimaugawa pakati, theka kwa asayansi, theka kwa amayi amene anakana zoyambazo.

Komabe tinene zoona: kukonola ndi kuviika sikumasula niacin, ndipo kumataya zakudya zambiri zimene mgaiwa umasunga. Chimene chatiteteza ndi mbale yachiwiri ija ya ndiwo, nyemba, usipa, matemba, nkhwani wotendera. Umboni wake ndi wowawa. Mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ankakhala m'chigawo chakummwera kwa Malawi, anadwala pellagra. Ufa ankalandira, koma mtedza umene unali m'gulu la chakudya chawo unali utasiya kufika. Nthenda ya alimi a ku Asturias inatulukira ku Nsanje patapita zaka 255, chifukwa chosowa phulusa lomwe lija.

Chimene chimandiseketsa, ngakhale nchomvetsa chisoni, nchakuti phulusalo tili nalo. Ndinakula ndikuona amayi akuwotcha zitsononkho, phulusa lake nkuliika m'kachitini koboola pansi, kuthira madzi, nkumadikira kuti chidulo chidonthe. Chidulocho chinkapita mu therere ndi m'masamba ouma, pomwe chimanga chili m'dengu pambali pomwepo. Zinthu ziwiri zimene Amexico anazikwatitsa kalekale zakhala m'khitchini imodzi kwathu kuno osalonjerana. Ngakhale mbozi za ntchemberezandonda zija zochokera ku America zinakwanitsa kulondola chimanga mpaka kufika ku Africa mu 2016, koma kaphikidwe kake kakadali m'njira.

Sindikunena kuti tisiye nsima, ine ndemwe sindigona ndisanaione. Koma taphunzira kukazinga chipisi, kukulunga samusa ndi kuphika chapati cha tirigu wogula kunja, ndiye tortilla wa chimanga cholima tokha angativute bwanji? Mukakolola chaka chino, patulani kambale kamodzi kosakonola, mukawiritse m'madzi a chidulo, kagone usiku, m'mawa mutsuke bwinobwino nkusinja kakadali konyowa. Muwambe pachiwaya popanda mafuta, mudyere nyemba ndi kambuzi, ndipo agogo aja muwagawireko alawe.