Pamene Khasu Linaimitsa Nkhondo ya Chiwaya

Nkhani yathu ya mbiri yakale sabata ino tiiyambire ku mapiri a ku Neno, kwa Dambe, kumene mlimi wa kachewere ndi tirigu amadziwa kuti madzi othamanga pamtsetse sawatchinga ndi manja. Amawakumbira ngalande, ndipo ukali wawo umathera momwemo. Nzeru yomweyi ndiyo inatembenuza nkhondo yaikulu yoyamba ya pa dziko lonse, imene makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potsata dzina limene anapatsa mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

Pamene nkhondoyi inabuka mu Ogasiti 1914, akuluakulu a asilikali ku Ulaya ankayembekeza nkhondo yaliwiro. Ajeremani anali ndi chikonzero chotchedwa ndi dzina la mkulu wawo wakale, Schlieffen: kudzera m'dziko la Belgium, kuzinga Afalansa, kuwagonjetsa m'milungu isanu ndi umodzi, kenaka n'kutembenukira kummawa kukakumana ndi a ku Russia. M'mizinda yambiri anthu anaperekeza ana awo ndi nthungululu, poganiza kuti Khirisimasi adzadyera limodzi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Poyamba zinaoneka ngati zitheka. Asilikali a Germany anayenda pansi tsiku ndi tsiku mpaka anafika mamailosi pafupifupi 30 kuchokera ku Paris. Koma mapazi anali atatupa, akavalo atalefuka, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinatsalira kutali kumene njanji inalekezera. Afalansa ndi Angerezi anawabwezera pa mtsinje wa Marne, ndipo pa 9 Sepitembala Ajeremani anayamba kubwerera.

Tsiku limenelo tiligwire bwino, pakuti ndi lomwelo limene mfuti zinalira kwathu kuno, ku Karonga. Gulu la King's African Rifles, lotsogoleredwa ndi Kaputeni Barton, linanyamuka kulunjika kumalire a ku Songwe. Nalo gulu la Ajeremani linali kutsika kulunjika kummwera, ndipo awiriwa anaphonyana m'tchire. Ajeremani anafika pa Karonga napeza asilikali owerengeka okha atabisala m'linga. Owerengekawo anapirira kwa maola angapo mpaka anzawo anabwerera kudzawalanditsa, ndipo Ajeremani anathawa atataya anthu ambiri ndi mizinga yawo. Dziko lathu silinalowedwenso motero. Komatu phunziro lake linali limodzi ndi la ku Marne: wobisala ali ndi mfuti yamakono amaposa khamu lobwera poyera.

Anthu a ku Karonga sanali alendo pa phunziroli. Mu 1888 Frederick Lugard anatsogolera gulu lokathira nkhondo linga la Kopakopa, mnzake wa Mlozi pa malonda a akapolo. Chipolopolo chinamulasa mikono yonse iwiri, ndipo linga silinagwe. Nkhondo imeneyo inangoti jegwejegwe mpaka pangano la 1889, ndipo Mlozi anagonja mu 1895 pamene Harry Johnston anabwera ndi mizinga yokwanira.

Ku Ulaya, Ajeremani atabwerera anaima pa zitunda za mtsinje wa Aisne nayamba kukumba. Adani awo anayesa kuwazula, nalephera, nakumbanso awo maenje. Pamenepo mbali iliyonse inayesa kulambalala inzake chakumpoto, ndipo pofika Novembala, itatha nkhondo yoopsa ya pa Ypres, onse anali atagunda nyanja. Polambalala panatha. Ngalande zinatambalala kuchokera kugombe la Belgium mpaka kumalire a Switzerland, mtunda woposa mamailosi 400, kutalika kopambana Nyanja ya Malaŵi yonse.

Kodi n'chifukwa ninji magulu aakulu chotero anakanirira m'maenje zaka zitatu ndi miyezi? Choyamba ndi chiwaya chija, chimene chinkatulutsa zipolopolo zokwana 500 pa mphindi imodzi. Anthu atatu kapena anayi ochigwiritsa ntchito ankatha kuimitsa mazana. Chachiwiri ndi waya waminga, amene ankakola msilikali pabwalo pomwe chiwaya chinkamufuna. Chachitatu ndi mizinga. Kuti aswe ngalande za adani, ankaomba mabomba masiku ambiri, koma kuomba komweko kunkachenjeza adaniwo, kunkasandutsanso nthaka thope losapitika. Chachinayi ndi njanji. Woukira akaboola mzere umodzi ankapitirira wapansi, atasenza katundu, lamya yake itaduka, osatha kuuza akuluakulu ake pamene wafika. Woteteza ankangokweza asilikali atsopano m'sitima, natseka mpatawo dzuwa lisanalowe kawiri.

Mtengo wake unali magazi. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya pa Somme, Angerezi oposa 19,000 anafa, ndipo pamodzi ndi ovulala ndi osowa anapitirira 57,000. Pofika Novembala chaka chomwecho anali atasuntha mamailosi osafika khumi.

Nako kumalire athu akumpoto zinthu zinaima. Kuyambira pa nkhondo ya Karonga mpaka Meyi 1916, mbali ziwirizi zinangoyang'anizana pa Songwe, zikulondalonda ndi kuthirana nkhondo zazing'ono. Ku Saisi, m'dziko limene lero ndi Zambia, msasa wozingidwa ndi ngalande unakana kugwa mu 1915 ngakhale Ajeremani anauzinga masiku angapo. Inali nthawi yomweyi, mu Novembala 1914, pamene Mbusa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufa pa mkangano umene sanauyambe, ndipo pa 23 Januwale 1915 anaukira boma la atsamunda.

Koma kuno kuimaku sikunakhalitse monga ku Ulaya, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Dziko linali lalikulu, asilikali ochepa, kotero polambalala sipankasowa. Pamene Jenerali Northey anaoloka malire mu Meyi 1916, mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anasankha kumenya ndi kuthawa. Nthawi zina ankaima n'kukumba, monga ku Kibata mu Disembala 1916 ndi ku Mahiwa mu Okutobala 1917. Kenaka analowa m'Mozambique, nabwereranso, ndipo anakatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, patapita masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Kumeneko ngalande zinali zitaswedwa chaka chomwecho, pamene anaphunzira kugwiritsa ntchito pamodzi akasinja, ndege, mizinga yolunjika bwino ndi timagulu ting'onoting'ono ta asilikali.

Tsono tisafulumire kunena kuti nkhondo yoyendayenda inali yopepuka. Misewu inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Njanji ya nkhondoyi inali mutu wa munthu. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ena pafupifupi 19,000 analowa usilikali. Anatengedwa m'maboma onse, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu. Mtengatenga ankasenza mapaundi 50 kapena kuposa, ndipo ulendo ukatalika, gawo lalikulu la ufa umene gulu linanyamula linkathera m'njira kudyetsa onyamulawo. Kamwazi, malungo, chibayo ndi njala zinapha ochuluka kuposa zipolopolo. Kumudzi minda inagonera, ndipo obwerera anapezana ndi mliri wa fuluwenza wa 1918.

Mukadzafika ku Zomba, kaimeni pa nsanja ya chikumbutso cha King's African Rifles. Amtengatenga ambiri alibe mwala wolembedwa dzina, ndipo manda awo ali m'mbali mwa njira zimene zinamera kale tchire. Inu a ku Neno, a ku Lisungwi, a kwa Chekucheku ndi kwina konse, funsani agogo anu ngati m'banja mwanu munachoka munthu wopita ku Chiwaya, ndipo dzina lakelo mulilembe. Mpaka sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino, tsalani bwino.