Miyala ya Castro Pansi pa Mlatho wa Richmond

Mlatho wa Richmond–San Rafael ku California anautsegula mu 1956, ndipo ambiri ouwoloka pagalimoto sadziwa kuti pansi pawo pali mudzi. Madzi a San Francisco Bay akaphwa, pamaonekera miyala yotchedwa Castro Rocks, ndipo akatumbu a m'nyanja, aja amati harbor seal, amakwerapo n'kumawothera dzuwa. Madzi akadzazanso, miyala yambiri imamira, iwo n'kubwerera kokasaka nsomba. Ena mwa iwo ubweya wawo ndi wofiira ngati katondo, chifukwa cha dzimbiri limene limamatirira pa ubweyawo.

Dzinali ndi la Víctor Castro. Bambo ake, Francisco María Castro, anapatsidwa dera lalikulu la Rancho San Pablo mu 1823, California ali m'manja mwa Mexico. Ine dzinali limandiwawa. Anthu a mtundu wa Ohlone anakhala m'gombeli zaka masauzande banja la Castro lisanafike, ndipo m'milu ya zigoba za nkhono imene anasiya, monga wa ku Emeryville, mumapezeka mafupa a akatumbu omwewa. Iwowo ndiwo ankazidziwa nyamazi, koma miyala inatengera dzina la mwini ng'ombe.

Mu 1902 kampani ya Standard Oil inayamba kuyenga mafuta ku Richmond, zombo zikuluzikulu n'kumakocheza pafupi ndi miyalayi. Chakumpoto pang'ono, ku Point San Pablo, kunali malo osendera anamgumi, omaliza m'dziko lonse la America. Anawatseka mu 1971. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa lamulo la Marine Mammal Protection Act, loletsa kupha kapena kuvutitsa nyama zoyamwitsa za m'nyanja.

Lamulolo linagwira ntchito pamene ankalimbitsa mlatho kuti usagwe pa chivomezi, kuyambira 2001 mpaka 2005. Akatswiri a ku San Francisco State University ankawerenga akatumbuwo usana ndi usiku, ndipo m'miyezi yoswana mabwato a omanga sankaloledwa kuyandikira miyalayo.

Chimene chimandikhudza n'chakuti nyamazi zinazolowera phokoso la magalimoto pamwamba pawo. Chimene chimaziopsa kwambiri ndi bwato loyandikira, ngakhale kabwato kopalasa ka munthu wozikonda amene akungofuna kujambula chithunzi. Zonse zimadumphira m'madzi nthawi imodzi, ndipo m'chipwirikiticho mwana wongobadwa kumene amatha kusiyana ndi mayi wake.