March of the Living: Ulendo wa Achinyamata Achiyuda ku Poland ndi ku Israel

March of the Living ndi ulendo umene achinyamata achiyuda ochokera m'mayiko osiyanasiyana amayenda pokumbukira Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene boma la Nazi la ku Germany linapha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Unayamba mu 1988, ndipo mmodzi mwa amene anauyambitsa ndi Avraham Hirschson, wandale wa ku Israel. Ambiri mwa oyendawo ndi ana a sukulu za sekondale ochokera ku United States, Canada, Argentina, Australia, South Africa ndi kwina. Amakhala sabata imodzi ku Poland, kenako sabata ina ku Israel.

Pachimake pa ulendowu ndi tsiku la Yom HaShoah, la 27 m'mwezi wachiyuda wa Nisan, lomwe limagwa mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Lipenga la nyanga ya nkhosa lotchedwa shofar likalira, anthu masauzande amatuluka pachipata cha msasa wa Auschwitz n'kuyenda wapansi makilomita atatu kukafika ku Birkenau. M'misasa imeneyi munafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ndipo pafupifupi 1 miliyoni mwa iwo anali Ayuda. Mu Januwale 1945, asilikali a Soviet Union atayandikira, alonda anatulutsa akaidi oposa 50,000 n'kuwayendetsa m'chisanu choopsa kulowera kumadzulo. Aliyense amene wafooka ankamuwombera pamsewu pomwepo. Ulendo wa achinyamatawu unakonzedwa kuti ukhale yankho ku maulendo a imfa amenewo.

Oyendawo amavala majekete abuluu, ndipo ambiri amadzikulunga mbendera ya Israel yokhala ndi nyenyezi ya Davide. Apa m'pamene pagona nkhani. Nyenyezi yomweyo ndi imene agogo awo ankakakamizidwa kuvala pamalaya kapena pamkono kuti azidziwika msanga kwa owasaka. Mwana amene kwawo amabisa kachipewa ka kippah m'thumba akamakwera basi, pano amayenda poyera atavala, dzanja lake litagwira dzanja la gogo amene anatuluka wamoyo mumsasamo. Akafika ku Birkenau amazika timatabwa pakati pa njanji imene inkabweretsa sitima za anthu okaphedwa. Patimatabwapo amalembapo ndi manja awo mayina a abale amene alibe manda. Mwambo umatha ndi pemphero la Kaddish komanso nyimbo ya fuko la Israel, Hatikvah.

M'masiku enawo amaona zinthu zimene buku la m'kalasi silingathe kuonetsa. Ku Auschwitz kuli milu ya tsitsi, nsapato za ana, ndi masutikesi olembedwa mayina a eni ake, amene ankaganiza kuti akawalandiranso. Ku Majdanek, pafupi ndi mzinda wa Lublin, kuli chulu cha phulusa la anthu. Ku Treblinka, kumene anaphako anthu oposa 800,000, nyumba zonse zinagumulidwa pofuna kubisa umboni. Lero paima miyala pafupifupi 17,000, ina yolembedwa mayina a mizinda ndi midzi imene Ayuda ake anathera pamenepo. Umodzi uli ndi dzina la Janusz Korczak, dokotala amene anakana kusiya ana amasiye a ku Warsaw ndipo anapita nawo limodzi kukafa mu 1942.

Ulendowu wakhala ukudzudzulidwa, ndipo odzudzulawo ali ndi mfundo yomveka. Amati mwana wobwera masiku ochepa amabwerera kwawo akuona Poland ngati manda okhaokha, pamene Ayuda anakhala m'dzikomo zaka mazana ambiri, ndipo nkhondo isanayambe analipo oposa 3 miliyoni, ali ndi sukulu, nyuzipepala ndi masunagoge awo. Kunyadira mtundu wako kumaperewera ngati ukudziwa mmene makolo anafera koma osadziwa mmene ankakhalira. N'chifukwa chake n'zokondweretsa kuti magulu ambiri tsopano amayendera Kazimierz, dera lakale la Ayuda mu Kraków, komanso nyumba yosungira mbiri ya POLIN ku Warsaw, imene chionetsero chake chachikulu chinatsegulidwa mu 2014. Achinyamata a ku Poland amene si Ayuda amayenda nawonso, ndipo mu 2018 mapulezidenti Reuven Rivlin wa Israel ndi Andrzej Duda wa Poland anakhala nawo pamwambowu.

Ku Israel alendowo amafika nthawi ya Yom HaZikaron, tsiku lokumbukira asilikali ndi ena amene anaphedwa, pamene sayirini ikalira magalimoto amaima pamsewu, anthu n'kutsika kuimirira chete. Dzuwa likangolowa chimayamba chisangalalo cha Yom HaAtzmaut, chokumbukira kukhazikitsidwa kwa dzikolo mu 1948, ndipo oyendawo amapita akuimba ku Khoma Lakumadzulo mu Yerusalemu.

Mu 2020 ndi 2021 ulendowu unalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, mwambo n'kuchitikira pa intaneti. Vuto lalikulu kuposa limenelo ndi ukalamba wa opulumuka. Rabbi Yisrael Meir Lau, amene wakhala akuyenda nawo kuyambira pachiyambi, anabadwa mu 1937 ndipo anamasulidwa ku msasa wa Buchenwald asanakwanitse zaka 8. Amene atsala lero ambiri anali ana ngati iyeyo, ndipo okonza ulendowu akujambula maumboni awo kuti magulu a m'tsogolo adzawamve.