M'mene Nkhuni Zinatalikira ku Vubwi

M'miyezi ya June ndi July, pamene mphepo ya mwera iomba kucokera ku mapiri a m'malire a Mozambique, dziko la Vubwi limazizira kwambiri. Ndi dziko lokwera, monganso Katete ndi Sinda, ndipo usiku cisanu cimalowa mpaka m'mafupa. Pa nyengo imeneyi moto suli wophikira nsima cabe ai, koma ndiwo cofunda ca nkhalamba ndi makanda. Cifukwa cace funso la kumene nkhuni zidzacokera, ndi mtengo wace, likhala pa khomo liri lonse. Ambiri amayankha msanga kuti mitengo inatha cifukwa anthu anacuruka. M'mau amenewo muli coonadi, koma si conse. Tikayang'ana m'mbiri tipeza kuti nkhuni zinayamba kutalikira anthu asanacuruke monga lero, ndipo cimene cinazitalikitsa poyamba ndi kagawidwe ka dziko.

Kale Acewa a kuno sanali kuyenda ulendo wa padera wofuna nkhuni, pakuti nkhuni zinali kucokera ku munda. Mwamuna potsegula mphanje anali kutema mitengo nasiya zitsa ziri ciriri. Nthambi anaziunjika naziocha kuti phulusa lace lidyetse mbeu, koma zipika zinatsala m'munda kuuma pang'ono-pang'ono, ndipo mkazi poweruka madzulo anangomanga mtolo, naika nkhata pamutu, nabwera nao ku mudzi. Munda ukaguga anausiya ukhale tsala, natsegula wina. Tsono mitengo ya m'thengo lathu, monga mombo, mtondo ndi msuku, iri ndi cikhalidwe cakuti ikadulidwa siifa, koma iphukanso pa citsa ndi pa mizu. Pakapita zaka makumi awiri kapena kuposapo, tsala lija lasandukanso thengo. Cuma conse ca nkhuni cinali pa zinthu ziwiri zimenezi, citsa cosazulidwa ndi nthawi yakuti nthaka ipumule.

Panalinso miyambo yosunga mitengo. Kumanda munthu sanali kutemako mtengo kapena kutolako nkhuni za pakhomo. Mpoza ndi msolo anazipatsa ulemu cifukwa patsinde pace ndi pamene makolo anali kuthira nsembe, ndipo mitengo ya zipatso monga msuku ndi muula kawiri-kawiri anaileka m'munda. Akazi anadziwa nkhuni monga m'mene mbusa adziwira ng'ombe zace: iyi ya utsi, iyi yothetheka, iyi ya makala okhalitsa. Muwanga ndiwo unachuka pa moto wa cisanu, popeza cipika cace cimodzi cikhoza kucezera kufikira tambala woyamba. Ndipo moto unali wambiri, taonani: wa m'nyumba, wa pabwalo pamene amuna anali kuotha, wa kumphala kwa anyamata, wa mowa, ndi wa pamaliro umene suzima usiku wonse. Koma palibe amene anaganizapo zogula nkhuni.

Zinthu zinayamba kutembenuka ndi mapepala a Mzungu wina wa ku Germany, dzina lace Carl Wiese, amene anati Mpezeni, mfumu ya Angoni, anampatsa dziko. Pa mapepala amenewo panamangidwa kampani ya North Charterland Exploration Company m'caka ca 1895, ndipo inatenga dziko la masikweya mailosi 10,000 pakati pa mtsinje wa Luangwa ndi malire a Nyasaland. Eni kampani anali kuyembekeza golidi. Nkhondo ya 1898 inathyola mphamvu ya Angoni, koma golidi wokwanira sanapezeke, ndipo kampani inatembenukira ku kugulitsa mafamu. Azungu amene anakhala pafupi ndi Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anayamba kulima fodya wa Virginia, amene amaumitsidwa ndi moto woyaka usana ndi usiku m'nyumba zocita kumangira nchito imeneyo. Kuno kwathu aka kanali koyamba kuti mitengo igwe yambiri-mbiri cifukwa ca ndarama. Pa nthawi yomweyo msonkho wa nyumba, umene unayamba m'caka ca 1901 pa masheleni atatu, unatumiza amuna ambiri ku nchito ku Southern Rhodesia. Mudzi wopanda amuna sutsegula mphanje. Akazi anangobwereza munda womwewo, ndipo zipika za m'munda zitatha anayamba kulowa m'thengo.

Cimene cinapweteka koposa cinadza pambuyo pace. M'caka ca 1924 dziko la Northern Rhodesia linacoka m'manja mwa British South Africa Company nilikhala pansi pa Boma la ku London, ndipo m'caka ca 1928 anadula malo a padera okhalamo anthu akuda, amene anawacha ma-Native Reserve. Angoni anapatsidwa ao, Ansenga ao, ndipo a Acewa anali ca kumwera, m'mbali mwa malire a Apwitikizi, kumene pambuyo pace kunakhala maboma a Katete ndi Chadiza. Tikumbukire kuti Vubwi inali mbali ya Chadiza kufikira caka ca 2012, pamene inakhala boma pa yokha, caka comweco cimene Sinda inapatulidwa ku Katete ndi Petauke. Midzi yambiri inasamutsidwa pa malo a kampani niunjikidwa m'malo ocepa aja. Pamenepo nthawi ya tsala inafupika. Munda umene ukadapumula zaka makumi awiri unalimidwanso mitengo yace isanafike pa msinkhu wa munthu, ndipo anthu anakwera ndi nkhwangwa m'mapiri. Mvula inakokolola nthaka, mitsinje inadzala mcenga.

Codabwitsa ndi ici, kuti Azungu amene anawasungira dziko lija sanabwere. M'caka comweco ca 1928 mtengo wa fodya unagwa, ndipo alimi ambiri a ku Fort Jameson anasiya mafamu ao. Dziko limene anthu anacotsedwamo linakhala bwinja. Thengo linamera, nyama zinacuruka, ndipo nchenche za kashembe zimene zipha ng'ombe zinafalikira. Motero mkazi wa m'malo opanikizana anali kuyenda mtunda wautali kufuna timitengo touma, pamene kutsidya kwa malire osaoneka ndi maso zipika zinali kuola zokha. Akatswiri a Boma eni ace anaciona cimeneci. C. G. Trapnell anayendera nthaka ndi mitengo ya dziko lino nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1943, ndipo William Allan, wa nchito ya zaulimi, anawerengera anthu amene dziko lingathe kuwasunga pa kalimidwe ka makolo, napeza kuti m'madera ena a Angoni ndi Acewa anthu anapitirira muyeso umenewo kutali. Wolemba mbiri Leroy Vail anabwerezanso nkhani yonseyi m'caka ca 1977, naonetsa kuti kuonongeka kwa dziko la kum'mawa kunali cipatso ca malamulo a Boma ndi kampani. Ine ndibvomerezana naye, ngakhale m'masiku aja mlandu unali kugwera khasu ndi nkhwangwa ya munthu wa kumudzi.

M'caka ca 1941 Boma linagula gawo lalikuru la malo amene anatsala m'manja mwa kampani, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri inabwezedwa ku dziko la mitengo. M'caka ca 1947 malo otere anakhala Native Trust Land. Mbadwo umene unasamuka nthawi imeneyo unaothanso moto wa muwanga monga makolo ao. Koma pamodzi ndi cithandizo cimeneco panadza cinthu cina cimene sicinaoneke ngati mdani wa nkhuni. Kuyambira caka ca 1948, m'dera la Katete, Boma linayamba kukhazika alimi pa mafamu ang'ono-ang'ono olima ndi ng'ombe. Khasu la m'manja limalambalala citsa, koma pulawo silingadutse pamene pali mizu. Tsono mlimi wotsogola anali iye amene anazula zitsa zonse m'munda mwace. Zokolola zinacuruka ndithu, ndipo palibe angatsutse ubwino wa pulawo. Koma munda wozulidwa zitsa ukasiyidwa umera udzu ndi zitsamba, ndipo thengo libwerako mocedwa kwambiri. Citsa cimodzi cozulidwa cinaothedwa masiku owerengeka, pamene cikadasiyidwa cikadapatsa nkhuni ana ndi adzukulu.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, kunadza feteleza wochipa ndi cimanga ca haibulidi. Ndi feteleza munthu akhoza kulima munda umodzi caka ndi caka, motero tsala linatha nchito, ndipo minda inakula kufikira kukomana. Thonje linafuna malo ace. Fodya wa burley, amene alimidwa kwambiri kuno ku malire a Malawi, saumitsidwa ndi moto, komabe zigafa zace zimadya mitengo ya mapaso ndi nsanamira. Nyumba za njerwa zoocha, zimene tonse tizikhumba, zifuna zipika zazikuru pa uvuni uli wonse. M'zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anaonjezeka m'midzi ya m'malire, Boma lisanatsegule malo ao ku Ukwimi, m'dera la Petauke, m'caka ca 1987. Apa ndi pamene kucuruka kwa anthu kulowa m'nkhani ndi mphamvu yace yonse: pa nthawi ya ufulu Zambia inali ndi anthu ngati mamiliyoni atatu ndi theka, koma kalembera wa 2022 anapeza oposa mamiliyoni 19, ndipo oposa mamiliyoni awiri mwa iwo ali m'Cigawo ca Kum'mawa.

Makala ndiwo anatsiriza kusandutsa mtengo wa m'thengo kukhala ndarama. Anthu a m'matauni monga Chipata, Katete ndi Lusaka amaphika ndi kuotha pa mbaula, ndipo ngakhale iwo amene ali ndi magetsi amathamangira makala madzi akacepa ku Kariba, monga kunacitikira m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024. Woocha makala safuna nkhuni zouma zogwa zokha. Afuna mtengo wauwisi, waukuru, wolimba, womwewo umene ukadakhala cipika ca cisanu. Ndipo uvuni wa dothi umaononga: kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala pamapsa makilogalamu 5 kufikira 10 a mtengo. Malamulo afuna kuti woocha makala ogulitsa ndi wowanyamula akhale ndi cilolezo, koma ali yense woyenda pa mseu waukuru wa Great East Road amaziona njinga zolemedwa ndi matumba. Sitiyenera kumnyoza munthu wa njingayo, pakuti nthawi zambiri ndi mlimi amene cimanga cace cinapsa ndi dzuwa.

Tsono mtengo wa nkhuni kumudzi sulipidwa mofanana. Mwini ngolo ndi ng'ombe amapita kutali kamodzi nabwera ndi nkhuni za mwezi wathunthu, ndipo zotsala agulitsa. Wa malipiro amagula kwa iye. Koma mkazi wamasiye ndi nkhalamba yolera adzukulu alipira ndi miyendo ndi msana, ndipo mwana wamkazi alipira ndi nthawi ya sukulu. Pamene ulendo walephereka amasonkha zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya thonje. Zimenezi ziphika nsima, koma zilirima kanthawi nizisanduka phulusa, kotero kuti pakati pa usiku, pamene cisanu cifika pacimake, nyumba yazizira kale. Mapesi oochedwawo ndi cakudya cimene nthaka yamanidwa. Ena amalowetsa mbaula m'cipinda natseka citseko, ndipo mpweya woipa wa makala, umene ulibe pfungo, wapha anthu ali m'tulo.

Njira zobwezera nkhuni pafupi ndi khomo zayesedwa. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a Boma anayamba ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kubzala jelejele m'minda yoguga. Mtengo umenewu umakula msanga, ubwezera conde m'nthaka, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mlimi amadula nkhuni ndi kubzalanso cimanga. Kunena zoona, limeneli ndi tsala lomwe lija la makolo, lofupikitsidwa kuti likwane m'dziko locepa, ndipo alimi anacita nalo cidwi makamaka feteleza atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1990. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, lafalitsa mtengo wa gliricidia, umene uphukanso ukadulidwa, ndi mbaula za dothi zosadya nkhuni zambiri. Pa kuphika zimenezi zithandiza kwambiri. Koma mbaula yotere inapangidwa kuti isunge moto pansi pa mphika, ndipo banja lofuna kuotha lifuna moto wotuluka kunja. Nthambi za gliricidia nazonso ndi zazing'ono, sizicezera. Cifukwa cace June akafika ambiri amabwerera ku mafuwa atatu, ndipo funso la cipika likhalapobe.

Cipika cifuna mtengo wa zaka zambiri, ndipo mtengo wotere ufuna malo amene anthu apangana kuwasiya. Lamulo la nkhalango la 1973 linaika mphamvu pa mitengo m'manja mwa Boma, koma la 2015 lilola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kupatula nkhalango, kuilembetsa, ndi kudziikira malamulo a kadulidwe ndi katoledwe ka nkhuni. M'Cigawo ca Kum'mawa magulu otere akhazikitsidwa m'madera angapo. Mitengo ya mombo ndi mtondo imene iphuka m'nkhalango zimenezo lero idzayamba kupereka zipika pamene ana otsiriza sukulu caka cino adzakhala ndi ana ao ofika pa msinkhu wosenza mtolo.